Ma pedal a gitala osamva kamodzi: mafunso ndi mayankho pa zimene oimba amawakondera ndi kuwadera

Woimba gitala aliyense amadziwa overdrive, chorus, delay ndi wah. Amenewo ndi ma pedal, timabokosi toponda ndi phazi tosintha mawu a gitala, ndipo ndi aulemu: ukawaponda amachita zimene wawatuma. Koma pali mtundu wina umene ukauponda koyamba umathamangira kuseri kwa ampulifaya kukaona ngati sipika yang'ambika. Mafunso ali m'munsimu ndi okhudza mtundu wachiwiriwu. Ndimafunsidwa kawirikawiri ndi anyamata oyamba kumene, oimba m'mabandi a kutchalitchi, ndi ena amene achibale awo a ku Joni kapena ku UK awatumizira kabokosi kokongola popanda pepala lofotokoza. Ndakhala ndikuponda timabokosi timeneti, kutitsegula ndi kutiwotcherera, ndiye pena mudzaona kuti ndikukondera. Sindibisa.

Kodi pedal imatchedwa yachilendo kapena yoyesera ikakhala yotani?

Palibe amene analemba malire ake. Tingoti ndi pedal imene sinapangidwe kuti ikometse mawu a gitala, koma kuti iwasandutse chinthu china. Ring modulator imasakaniza noti yanu ndi kamluzu kakekake, zotuluka n'kumamveka ngati belu losweka. Granular delay, monga Particle ya kampani ya Red Panda, imaduladula zimene mwaimba n'kuzimwaza ngati mapira. Data Corrupter ya EarthQuaker Devices, ya ku Akron m'chigawo cha Ohio, imachititsa gitala kulira ngati magemu akalekale a pa TV. Total Sonic Annihilation ya Death By Audio, kampani ya Oliver Ackermann ku New York, payokha siimba kanthu: imatenga mawu otuluka m'ma pedal anu ena n'kuwabwezera kumene analowera kuti adzidye okha. Ndi ma pedal ena imabala namondwe, ndi ena imangokhala duu, ndipo simungadziwiretu musanayese.

Ndinamva kuti fuzz, pedal yonyenya mawu a gitala, inayamba ndi makina owonongeka. N'zoona?

N'zoona, ndipo nkhani yonseyi yagona pamenepa. Ku Nashville, pojambula nyimbo ya Marty Robbins yotchedwa Don't Worry, imene inatuluka mu 1961, tchanelo imodzi ya mikisa inawonongeka, bezi ya Grady Martin n'kutuluka yonyenyeka ngati nsalu ikung'ambika. Sanafufute. Nyimboyo inayenda malonda, oimba ena anayamba kufuna mawu omwewo, ndipo injiniya wake, Glenn Snoddy, anakhala pansi kupanga kabokosi kobweretsa kuwonongekako mwadala. Ndiko kanadzakhala Maestro Fuzz-Tone FZ-1, kamene Gibson inayamba kugulitsa mu 1962. Malonda anali ozizira mpaka 1965, pamene Keith Richards wa Rolling Stones anakaponda mu Satisfaction. Richards mwini wake anafotokozapo kuti ankangosungira malo pamene ankafuna padzalowe malipenga. Nyimbo inatuluka malipengawo asanalowe.

Ena sanadikire n'komwe injiniya. Link Wray anaboola sipika ndi pensulo, Dave Davies wa The Kinks anaicheka ndi lezala mu 1964.

Ife kuno zimenezi zisatidabwitse. Wopanga valimba ku Chigwa cha Shire amamata kanembanemba pa kabowo ka chikho chilichonse kuti noti izituluka ikunjenjemera, ndipo wa kalimba amamangirira tizitsulo kapena zitsekerero za mabotolo kuti zizichita tsetsetse. Kachotseni zimenezo, mwini wake akuuzani kuti chida chafa. Gulu la Konono Nº1 la ku Kinshasa linapanga zokwezera mawu a likembe ndi maginito a m'magalimoto akufa, kunyenyeka kwake n'kukhala chizindikiro chawo dziko lonse. Ku Zambia m'zaka za m'ma 1970, WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi ankasambira mu fuzz ndi wah osapepesa munthu. Kulambira mawu oyera mbee sikunayambire kwathu.

Ngati chilema ndiye kukoma kwake, nanga oimba amadandaula chiyani?

Zilema zilipo ziwiri, ndipo otsatsa malonda amakonda kuzithira m'mbale imodzi. Pali chilema cha mawu: pedal ikulira yokha, ikuphonya noti, ikuthira mchenga. Ichi oimba amachikhululukira, ena amachilipirira ndalama zambiri, chifukwa ukachizolowera chimasanduka chida. Umadziwa kuti ndikakanda nsambo chonchi, chilombochi chibangula chonchi. Ndiye pali chilema cha ntchito: batani lopondapo lofa pakati pa nyimbo, voliyumu yogwa ukangoyatsa, adaputala yosapezeka m'sitolo iliyonse m'tauni, mawu amene unawapeza dzulo osapezekanso lero. Ichi palibe woimba wa pa siteji amene amachikonda. Chimene chimandipsetsa mtima ine n'chakuti opanga ena, ukadandaula za chachiwirichi, amakuyankha ngati wadandaula za choyamba. Amati ndi khalidwe la pedal. Switchi yothyoka si khalidwe.

Fuzz yanga ya germanium imamveka bwino m'mawa, masana imangoti phwaa. Yawonongeka?

Mwina ayi. Fuzz Face, imene Arbiter inatulutsa ku London mu 1966 ndipo Jimi Hendrix anaitchukitsa, ili ndi ma transistor awiri okha ndi tizipangizo tina towerengeka pa zala. Ma transistor oyambirirawo anali opangidwa ndi germanium, ndipo germanium imamva kutentha ngati khanda. Kukatentha, magetsi odontha mkati mwake amachuluka, pamene transistor imayenera kukhazikika pamasuntha, mawu n'kuyamba kudukaduka kapena kufooka. Imene inakoma mu June ku Dedza siingamveke chimodzimodzi mu October ku Nsanje, makamaka itakhala padzuwa pa siteji ya panja. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 opanga anasamukira ku ma transistor a silicon, amene sasamala za nyengo, koma okonda germanium amati silicon imabaya m'makutu. Mkangano umenewo ulipobe. Zamakono zambiri zili ndi kabatani ka bias kuti muziwongola nokha dzuwa likasintha.

Chilema china n'chakuti Fuzz Face imafuna kulumikizana ndi gitala popanda mkhalapakati. Mukaika patsogolo pake pedal yokhala ndi buffer (kasekiti kolimbitsa mawu kuti asafooke m'chingwe), monga za Boss, imasanduka yowawa ndi yosokosera. Mukaika wah, wah imaleka kuyasamula bwino, pena zonse ziwiri zimayamba kulira. Kwa injiniya ichi n'cholakwika chenicheni. Koma cholakwika chomwecho ndicho chimachititsa kuti mukachepetsa voliyumu pa gitala penipenipo, mawu ayere n'kunyezimira, chinthu chimene oimba blues amachifera. Mukachiza matendawo, kukomako kumapita nawo. Iikeni yoyamba pa mzere basi. Ikayamba kukugwirirani wailesi musathawe, zimachitika, ndipo chingwe chachifupi komanso chabwino chimathandizako.

Fuzz Factory imalira tswii ngakhale ndisanakhudze nsambo. Ndiibweze kumene ndinagula?

Imeneyo ndiye anaipanga dala kuti izitero. Zachary Vex wa ku Minneapolis anaitulutsa mu 1995 ili ndi mabatani opotokola asanu: Vol, Gate, Comp, Drive ndi Stab. Mabataniwa sayenda lililonse palokha. Ukapotokola limodzi, enawo asintha ntchito. Stab limachepetsa magetsi olowa mu sekiti, ndipo mukalibweza m'mbuyo pedal imayamba kuimba yokha mluzu umene mungathe kuukweza ndi kuutsitsa ndi voliyumu ya pa gitala. Matt Bellamy wa Muse anaikonda mpaka kuiikitsa mkati mwa magitala ake a Manson, kuti mabataniwo akhale pafupi ndi dzanja.

Mukaonetsetsa, amene amaitamanda ndi amene amaiseweretsa ndi manja ngati chida china choimbira. Amene amaitukwana ndi amene amafuna kuiponda n'kuiiwala. Otukwanawo sakunama ayi. Mabatani ake ndi aang'ono, othithikana, nsonga ya nsapato ikangokhudza pang'ono mawu amene munawasaka ola lathunthu apita, ndipo palibe posungira. Ena amaika timadontho ta penti ya m'zikhadabo, ena amamata tepi pamwamba pa mabatani onse. Kuona maso a nkhono n'kudekha: yambani Stab lili kumapeto kwenikweni kudzanja lamanja, muzilibweza pang'onopang'ono mpaka mumve pamene misala ikuyambira.

N'chifukwa chiyani ma pedal osintha noti amabalalika ndikaimba ma chord?

Akale ambiri amamva noti imodzi pa nthawi. Amawerenga kuti nsambo ikunjenjemera kangati pa sekondi, ndiye mukawapatsa manoti atatu pamodzi amakhala ngati mwana amene waitanidwa ndi akuluakulu atatu nthawi imodzi. MXR Blue Box ya m'zaka za m'ma 1970, imene imatsitsa noti ma octave awiri, imadumphadumpha ngakhale pa noti imodzi ikayamba kuzilala. Jimmy Page anaijambulira ndi Led Zeppelin, koma ambiri amene anaigula pomutsanzira anapeza kuti voliyumu imatsikanso akangoiyatsa.

Nkhani yokoma ndi ya DigiTech Whammy, yofiira ija, imene inayamba mu 1989. Pa ma chord inkachita chibwibwi, pa noti imodzi inkamveka yachitsulochitsulo, ndipo Tom Morello, Jonny Greenwood ndi Jack White anamanga mbali ya mbiri yawo pa mawu omwewo. Kampaniyo itadziwa kuwerenga ma chord bwinobwino sinayerekeze kutaya chibwibwicho. Whammy ya mu 2012 ili ndi switchi yosankha pakati pa Chords ndi Classic. Matenda akale anapatsidwa batani lawolawo.

Miku Stomp ya Korg, ya mu 2014, inafuna kuti gitala iziimba ndi mawu a Hatsune Miku, woimba wa pa kompyuta wa ku Japan. Imachedwa, imaphonya, imalumpha manoti. Anthu anaiseka, kampani inaleka kupanga, kenako mtengo wa yogwiritsidwa kale ntchito unaposa umene yatsopano inkagulidwa.

Pa zonsezi chothandiza n'chimodzi: sankhani pickup (kamaginito kotola mawu a nsambo) ya kufupi ndi khosi la gitala, chepetsani tone, ndipo nsambo zimene simukuziimba muzizigwira ndi chikhatho kuti zikhale chete.

M'chipinda ndimamveka ngati mkango, koma bandi ikayamba ndimasowa. Chikuchitika n'chiyani?

Ndikaganiza, muli ndi Big Muff kapena mwana wake. Pedal imeneyi, ya Electro-Harmonix ya Mike Matthews ku New York, yakhalapo kuyambira cha m'ma 1970, ndipo batani lake la tone limakumba dzenje pakati pa mawu, cha pa 1 kHz. Tsoka lake, pakatipo ndi pamene gitala imakhala. Pansi pali bezi ndi ng'oma ya phazi, pamwamba pali ma cymbal, ndiye chimene Big Muff yakusiyirani ndi malo a eni ake. Mukakhala nokha dzenjelo ndilo limaupatsa mkangowo chifuwa. Anzanu akalowa, mkango wamira. David Gilmour ndi J Mascis sanaisiye chifukwa cha zimenezi, koma iwo ali ndi ma ampulifaya ogwetsa denga. Ena tonsefe timaika overdrive kapena EQ pambuyo pake kukwirira dzenjelo, ndipo makampani ambirimbiri adyera pa kugulitsa Big Muff yawoyawo yokhala ndi batani la mids.

Boss Metal Zone ya mu 1991 ili ndi vuto losiyana: imakupatsani ulamuliro wochuluka kuposa nzeru zimene muli nazo tsiku logula. Mabatani ake a pakati amafika patali kwambiri moti kulakwitsa pang'ono mumamveka ngati njuchi m'chitini, ndipo yasekedwa zaka zambiri pa chifukwa chimenecho. Oikonda amati muilowetse pa return, polowera pa kuseri kwa ampulifaya, osati kutsogolo, mudzaipepesa. Mkulu wake, Boss HM-2, inapangidwa kuyambira 1983 mpaka 1991. Achinyamata a ku Stockholm, monga a Entombed pojambula ku Sunlight Studio, anapotokola mabatani onse mpaka kumapeto, n'kutulutsa mawu onga makina ochekera matabwa, amene anadzakhala chizindikiro cha death metal ya ku Sweden. Boss inaibwezeretsa pa msika mu 2021.

Anthu amatamanda Line 6 DL4, koma amatinso imafa msanga. Zoona n'ziti?

Zonse ziwiri. Chibokosi chobiriwirachi chinatuluka mu 1999 ngati delay, koma chimene chinasintha nyimbo ndi looper yake ya masekondi 14, yojambula zimene mwaimba n'kumazibwereza, yotha kutembenuza mawu chambuyo ndi kuwachedwetsa ndi theka. Dave Knudson wa Minus the Bear ankaika angapo pansi n'kumawaponda ngati akuvina. Pamenepo ndi pamene chilema chinaonekera. Pamwamba batani limaoneka lachitsulo cholimba, koma pansi pake pali kasipuling'i kokankha kaswitchi kakang'ono ka pa bolodi, ngati ka mu rimoti. Chikomekome cha mkuyu. Pedal yoti izipondedwa kambirimbiri pa nyimbo imodzi inapatsidwa switchi yoyenera chala. Amisiri ambiri anapeza ganyu yosintha mabatani amenewa, pamodzi ndi kukonza voliyumu imene ena ankati imatsika. Inkafunanso adaputala ya 9V AC, osati DC ngati anzake, kapena mabatire anayi a saizi C. Ya MkII, ya mu 2022, inasamukira ku DC. Switchi yofa msangayo ndi chitsanzo cha chilema chimene palibe anachitcha khalidwe. Anthu ankangoikonda ngakhale inali choncho, ena n'kumayenda ndi ziwiri.

Bwanji ma pedal atsopano ali ndi zinthu zobisika zambiri chonchi?

Chifukwa kachipangizo ka mkati kamatha zinthu zana, pamene pamwamba pa bokosi pamakwana mabatani asanu ndi limodzi. Chase Bliss, kampani ya Joel Korte ku Minnesota, imaika tiswitchi 16 kumbuyo kwa ma pedal ake ambiri, tating'ono moti pamafunika chikhadabo kapena nsonga ya cholembera. Pa tebulo masana ndi paradaiso. Pa siteji ya mdima, thukuta lili m'maso, simungatione n'komwe. ZOIA ya Empress Effects ya ku Ottawa, ya mu 2019, ili ndi mabatani owala 40 ndi kasikirini kakang'ono, ndipo mumamanga nokha pedal imene mukufuna, chidutswa ndi chidutswa. Ena amati ndi chinthu chabwino koposa chimene anagulapo. Ena amati anagula gitala kuti athawe kompyuta, osati kuti aiike pansi pa phazi. Amene amadandaula kwambiri ndi oimba a ganyu, oti lero ali ku ukwati, mawa ku situdiyo, ndipo alibe nthawi yokumbukira kuti ukagwira batani ili masekondi awiri uku ukupotokola ilo, umapeza chinthu chachitatu chosalembedwa paliponse.

Kusokoneza anthu si kwa lero lokha. DOD m'zaka za m'ma 1990 inkalemba mayina achipongwe pa mabatani. Pa Grunge FX69, batani la mawu apansi analitcha Butt, matako, la mawu apamwamba Face, nkhope. Zoseketsa m'sitolo, koma yesani kufotokozera wa mikisa kutchalitchi chimene mukufuna kuchepetsa.

Pedal ikangolira mluzu kapena kuchita phokoso la mvula kumbuyo, ndi vuto?

Zitengera kuti ndi iti. DOD Gonkulator yoyamba, ring modulator yokhala ndi mabatani otchedwa Suck, Smear, Gunk ndi Heave, inali ndi mluzu umodzi wosasinthika umene unkamvekabe mukasiya kuimba, ndipo unkagwirizana ndi makiyi ochepa okha. Ambiri anaitcha yonyansa, oimba nyimbo zaphokoso anaitola. Poibwezeretsa mu 2015 anaika batani lotchunira mluzuwo, kuvomereza kuti odandaula aja anali ndi mfundo.

Ma delay ambiri otchipa ndi opangidwa pamanja amagwiritsa ntchito chip ya PT2399, imene inapangidwira makina a karaoke. Mukamatalikitsa nthawi ya delay, imayamba kuthira mchenga. Opanga ena amabisa mchengawo, ena amaugulitsa ngati ndiwo. Pano zafika poti Generation Loss ya Chase Bliss ntchito yake ndi kutsanzira tepi ya VHS yotha, imene tinkaitaya kudzala.

Nanga ija yokhala ndi mphezi mkati? Si zongodzionetsera?

Plasma Pedal ya Gamechanger Audio, ya ku Riga m'dziko la Latvia, inatuluka mu 2018. Imakweza mawu a gitala kufika mavoti 3,500 n'kuwadutsitsa m'kachubu ka mpweya wa xenon, ndipo mphezi imene mukuionayo ndi mawu anu enieni. Noti ikafooka mphezi imazima, mawu n'kuduka mwadzidzidzi ngati wina watseka chitseko. Kwa woimba ma riff odukaduka zimenezo ndi golide, ndipo Jack White anagwirizana nawo kupanga mtundu wake, Plasma Coil. Kwa amene amafuna noti italike mpaka misozi, ndi ndalama zotayika. Ine ndimaiona ngati pedal ya nyimbo imodzi pa konsati yonse.

N'chiyani chimapha ma pedal kwambiri kuno?

Adaputala yolakwika, kuposa fumbi, kuposa mvula. Ma pedal ambiri amatsata njira ya Boss: 9V DC, negative ili pakati pa pulagi. Koma adaputala ya dikoda kapena ya rauta nthawi zambiri ndi ya 12V, positive ili pakati, ndipo kapulagi kake kamalowa bwinobwino ngati kakwawo. Ine ndinaphera delay yanga yoyamba momwemo, madzulo a chinkhoswe cha mnzanga, nditaiwala yanga kunyumba n'kubwereka ya pa dikoda ya eni nyumba. Kanali kautsi kochepa, kafungo ka pulasitiki, basi. Safunsa anadya phula. Werengani kachizindikiro kali pafupi ndi polowetsera magetsi musanalumikize chilichonse.

Ma pedal achilendo ndi amene amakonda kuswa lamuloli. Ena amafuna AC, monga DL4 yakale ndi Whammy zina zakale. Ena amafuna 12V kapena 18V. Fuzz zambiri za germanium zamtundu wakale zili ndi ground ya positive, ndiye mukazimangirira pa chingwe chimodzi ndi anzake mumachititsa shoti. Fuzz imamwa ma mA owerengeka, pamene pedal ya digital imatha kufuna 300 mA kapena kuposa, ndipo ikagawana chingwe ndi ya analog imathira kamluzu kake mwa onse. Chinanso, magetsi athu ndi a 230V, a ku America ndi a 120V. Adaputala yobwera ndi pedal kuchokera kumeneko, ngati sinalembedwe kuti 100-240V, musaiyese pakhoma. Pa jenereta, fuzz ndi overdrive zipatseni batire.

Za mabatire pali nthabwala yoona. Eric Johnson amadziwika kuti amasiyanitsa mitundu ya mabatire ndi khutu, ndipo okonda fuzz ambiri amafuna batire lotchipa, lotsala pang'ono kutha. Voodoo Lab inafika poika timabatani pa Pedal Power 2 Plus totsanzira batire lofooka.

Yodula ndiye yabwino?

Klon Centaur, overdrive imene Bill Finnegan ankapanga pamanja kuyambira 1994, zilipo pafupifupi 8,000, ndipo lero imodzi imagulidwa madola masauzande. Sekiti yake anaithira phula lakuda la epoxy kuti anthu asakopere. Anakoperabe, ndipo chimene phulalo linakwanitsa ndi kuvutitsa wokonza. Mu 2023 Josh Scott wa JHS Pedals anaonetsa pa YouTube kuti DigiTech Bad Monkey, imene anthu ankaitaya motchipa, imatha kumveka pafupi kwambiri ndi Klon. M'masiku ochepa mtengo wa Bad Monkey unakwera kangapo konse. Pedal sinasinthe, anasintha ndi makutu a anthu atamva nkhani. Kwa ife amene kutumiza pedal kukakonzetsa kunja kumadula kuposa pedal yomwe, funso loyamba likhale lakuti mmisiri wa mawailesi pa msika angaitsegule n'kuona chapsa.

Kodi zimenezi zingalowe m'nyimbo zathu, kapena ndi za rock basi?

Lidi ya rumba, ya sungura ndi ya nyimbo zambiri zauzimu imadalira manoti oyera othamanga, chorus pang'ono ndi delay yogwera pa kugunda kwa ng'oma. Pedal yochedwa kuwerenga noti kapena yomwaza mawu mwachisawawa imaswa chinthu chenichenicho chimene anthu akuvinira. Ndiye pakati pa sebene musaiyese. Koma poyambira nyimbo, pa nthawi ya kulambira pamene wa kiyibodi amagoneka manoti aatali, kapena pojambula nyimbo za filimu ndi sewero, malo alipo ambiri.

Chenjezo limene oimba okhwima amapereka ndi la ma pedal okoma mopitirira, monga Microcosm ya Hologram Electronics ya ku Knoxville, ya mu 2020. Mukhudza nsambo imodzi, iyo imakumangirani kumwamba konse ndi nyenyezi zake. Dandaulo lake si lakuti imalakwitsa, koma lakuti imadziimbira yokha, ndipo aliyense amene ali nayo amamveka ngati mnzake. Pakati pa imeneyo ndi fuzz yamakani yofuna kulimbana nayo, ine ndimatenga yamakaniyo, chifukwa pomaliza omvera amamva dzanja langa. Ndinanena kuti ndikondera.

Ndapeza yogwiritsidwa kale ntchito. Ndiyese chiyani ndisanapereke ndalama?

Pitani ndi gitala yanu, zingwe zanu ndi adaputala imene mukuidziwa. Pondani batani kakhumi kapena kuposa, mofatsa ndi mwamphamvu, mumve ngati nthawi ina likuphonya kapena kuphulika kuti thuu mu sipika. Potokolani batani lililonse kuchoka koyamba mpaka kumapeto. Kukhwekhwereza pang'ono ndi fumbi, kumachoka ndi mankhwala opopera, koma mawu akamazimiratu pamalo ena ndiye kuti latha. Gwedezani pulagi ya gitala ndi ya magetsi zili molowera. Yerekezani voliyumu ili yoyaka ndi yozima. Ngati ndi ya digital, sungani mawu amodzi, zimitsani, yatsaninso, muone ngati yakumbukira.

Povuta ndi pa ma pedal amisala enieniwa, chifukwa yabwino ndi yowonongeka zimatha kumveka mofanana. Musanapite, mverani mavidiyo angapo a mtundu womwewo kuti mudziwe misala yake yobadwa nayo. Yabwino imabwereza misala yomweyo mukabwezera mabatani pamalo omwewo, pamene yodwala imasintha mukaigogoda m'mbali. Pomaliza pemphani sikuludiraiva, mutsegule pansi, muone ngati batire lakale linataya madzi ake obiriwira pa mawaya, ndipo mununkhize. Fungo la chinthu chimene chinapsapo silichoka msanga.